Gitala ya Kaunjika ndi Chiyankhulo cha Kunyanja

Pa tsamba ngati lino tidazolowera kuweruza mabuku, masewero ndi nyimbo zimene anzathu atulutsa. Lero ndikupempha a Mkonzi pamodzi ndi inu awerengi kuti mundilole ndiweruze chinthu chopanda tsamba ngakhale limodzi: gitala yamagetsi yogula kwa munthu, imene ndakhala nayo kuno ku Mangochi kuyambira 2019. Wina afunsa kuti kodi thabwa ndi mawaya zikufuna chiyani pakati pa alembi. Yankho langa ndi lakuti oyimba athu ambiri amayambira pa chipangizo chimene wina adatopa nacho, ndipo ena amakalamba nacho chomwecho. Nyimbo zimene timaziyamikira kapena kuzinyoza zimatuluka m'kaunjika ameneyu. Tsono ngati tifuna kuzimvetsa, tiyenera kudziwa kumuweruza, komanso kugwirizana za muyezo womuweruzira. Pa muyezopo ndi pamene pagona mlandu wanga.

Gitala yangayi idadzera njira yakalekale. Mnyamata wina wa kutsidya kwa mlatho, cha ku Malindi, adabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi matilesi, sola ndi chiwailesi cha masipika awiri. Iye sayimba. Adaiona pa sitolo ya zinthu za pinyolo ku Durban n'kuganiza kuti kumudzi siidzasowa woifuna. Idayenda pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, itakulungidwa m'bulangete. Agogo athu a Wenela ankachitanso chimodzimodzi. Pobwera ku migodi ankanyamula njinga, makina osokera, galamafoni ndi gitala. Ambiri mwa magitalawo adali a Gallotone, otsika mtengo, opangidwa ku South Africa komweko, mtundu womwewo umene John Lennon adayambira nawo ali mnyamata ku Liverpool m'zaka za m'ma 1950. Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya kumeneko pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Theba adadzautsegulanso kwa kanthawi, mu 1988 n'kutsekeka. Koma anyamata a Mangochi sadasiye kupita ku Joni, ndipo katundu akubwerabe. Chasintha n'chakuti gitala ya masiku ano imafuna magetsi.

Ponditsatsa malondawo mnyamatayo adaloza pamutu pa gitala. "Anjomba, taonani dzinali, iyi ndi ya ku America yeniyeni." Ine ndidati, "Dzina tiliona pambuyo achimwene, tandipatseni kaye ndione khosi." Maonekedwe ake ndi a Stratocaster, gitala imene kampani ya Leo Fender idatulutsa ku Fullerton, California, mu 1954: nyanga ziwiri, makiyi onse 6 mbali imodzi, mapikapu atatu. Koma maonekedwe amenewa adakoperedwa ndi mafakitale osawerengeka padziko lonse. Titamasula kachivindikiro ka kumsana tidapeza kuti thupi lake ndi la pulayiwudi, matabwa opyapyala omatikiza, ndipo nambala ya fakitale padalibe pena paliponse. Dzina lija lidali chomata chabe chimene wina adaikapo m'njira. Mnyamatayo nkhope idagwa, poti iyenso adalipira dzinalo. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ogula ambiri akadabwerera pomwepo. Ine ndidaigula ndithu, pa mtengo wosapitirira wa njinga yakapalasa yogwiritsidwa kale, chifukwa zimene ndimafuna pa gitala sizikhala pamutu.

Khosi ndiye nkhani yoyamba

Nsambo 6 zikachunidwa bwino zimakoka khosi ndi mphamvu yolingana ndi katundu wa makilogalamu 40 mpaka 50. Tingoti gitala imakhala itasenza thumba la chimanga usiku ndi usana osatula. N'chifukwa chake m'kati mwa khosi amaikamo ndodo yachitsulo yokokera kumbuyo, yomwe imamangidwa kapena kumasulidwa ndi kasipanala kakang'ono. Pogula gitala yakale, kwezani thupi lake kufupi ndi diso muyang'ane motsata khosi, monga amachitira mmisiri wa matabwa poona ngati thabwa lawongoka. Kenaka kanikizani nsambo yaikulu pa fuleti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi. Mafuleti ndi timizere tachitsulo tija topingasa khosi. Yang'anani pakati, cha pa fuleti ya 8. Pazikhala kampata koti kakhadi ka mayunitsi kalowe mothina. Kampata kakakula, nsambo zimatalikira ndipo zala zimapweteka. Kakasowa, nsambo zimakhudza zitsulo n'kumalira ngati ntchentche yagwa m'botolo. Zonsezi ndodo ija imakonza, bola muizungulize pang'onopang'ono, gawo limodzi la magawo anayi, n'kudikira mawa lake. Chimene chilibe mankhwala kuno kwathu ndi khosi lopotoka, mbali imodzi kukwera ina kutsika. Mukaona lotero bwezani gitalayo, ngakhale dzina lake likhale la golide.

Khosi la gitala yanga ndi lowongoka, ndipo ndodo yake imamvera. Ichi chokha chidandikwanira theka la mtengo.

Chachiwiri ndi kuona ngati gitalayo imanena zoona. Pa magitala a mtundu uwu, nsambo imatalika mamilimita 648 kuchokera pa kafupa ka kumutu kufika pa buliji, ndipo fuleti ya 12 ili pakati penipeni. Lizani nsambo osakanikiza, kenaka muikanikize pa 12. Liwu lachiwiri liyenera kukhala lomwelo, kungoti lokwera. Likapitirira kapena kuperewera, gitalayo idzamveka bwino kumunsi kokha, mukakwera khosi n'kuyamba kukangana ndi besi. Anyamata ambiri amadzitenga ngati alibe khutu pamene wolakwa ndi kasikuluwu ka pa buliji kongofuna kusunthidwa. Yanga idali ndi nsambo ziwiri zabodza, ndipo ntchito ya theka la ola idathetsa nkhaniyo. Makiyi awiri amaterera, makamaka wa nsambo yachitatu, moti nyimbo zitatu zikatha ndiyenera kuchunanso. Chilema chimenechi chikadalipo mpaka lero, ndipo ndikuchilemba poyera monga wowerengera buku amalembera kuti mutu wachisanu ndi wotopetsa.

Magetsi ake

Pikapu ya gitala si ija ya matola a ku Namwera. Ndi timaginito tozunguliridwa ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginito, mu wayamo mumabadwa kamphamvu kochepa ka magetsi kamene ampulifaya imakulitsa. Apa mpamene gitala yamagetsi imasiyanirana ndi banjo ya chigubu imene ana a ku Makawa kapena ku Chembe amapanga. Iwo amatha kumanga twaini ya mbedza n'kuyimba bwinobwino, koma maginito samva nayiloni. Afuna chitsulo basi. Nsambo yaing'ono ikaduka Loweruka madzulo, kawaya kosomola pa kebulo ya mabuleki a njinga kamatha kukupulumutsani usiku umodzi, koma twaini ayi.

Poyesa mapikapu, lumikizani gitala ku ampulifaya, mugogode pang'ono pa maginito ndi sikuludiraiva uku mukusuntha siwichi. Iliyonse iziyankha pa nthawi yake. Zungulizani mabatani a voliyumu ndi toni. Akamakhwekhwereza ndiye kuti mwalowa fumbi, ndipo limatsukika. Jeki, polowetsa chingwe paja, ndi pamene pamayamba kufa pa gitala iliyonse yakale. Yanga idakonzedwa ndi bambo wina wokonza mawailesi pa khonde la sitolo pa boma pano, amene adali asadatsegulepo gitala chibadwire. Adayang'ana m'kati, nati, "Bambo, umu mulibe chachilendo, wailesi ya mabatire imaposa apa." Adanena zoona, ndipo mwina sadziwa kuti Leo Fender mwini wake adayamba ngati wokonza mawailesi ndipo sankatha kuyimba gitala.

Pali kang'ung'udza kamene mapikapu a mtundu uwu amatola m'mawaya a m'nyumba. Magetsi athu ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Kusinthasinthako ndi kumene mumamva kukuti ng'wiii pansi pa nyimbo, pa liwu loyandikana kwambiri ndi G. Mukagwira nsambo phokosolo liyenera kuchepa. Likamakula, wina adasokoneza waya wa efi m'kati. Gitala yanga imang'ung'udza ndithu pa magetsi a pakhoma, koma pa ka ampulifaya ka batire ya galimoto yotchajidwa ndi sola imakhala chete ngati nyanja ya m'mamawa mwera usadadzuke. Ndipo batireyo ndi amene timadalira kawirikawiri. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira magetsi. Madzi a Shire amatuluka m'nyanja ife tikuona, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi kukapukusa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 adazima mpaka 2023. Amene ankayimba ndi zipangizo zamagetsi nthawi imeneyo akukumbukira madansi othera pakati pa nyimbo.

Ndichenjezeko pano, poti iyi ndi nkhani ya moyo. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampulifaya. Ampulifayayo ikakhala yopanda efi, kapena yolowetsedwa pasoketi ndi mawaya awiri otsekera timitengo ta machesi chifukwa pulagi yake ndi ya mano ozungulira a ku Joni, woyimba amakhala atagwira imfa m'manja. Mu 1972 woyimba gitala wa ku Scotland, Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows, adafera pa nsanja ku Swansea atagwira maikolofoni yopanda efi. Nanga ife oyimba opanda nsapato pa mchenga wonyowa, jenereta ikulira kuseri kwa bala? Paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma pulagi ya mano atatu siifika ngakhale pa mtengo wa nsambo.

Nyanja nayo ili ndi msonkho wake. Madzi athu alibe mchere, koma chinyontho cha January ndi thukuta la October zimadya nsambo m'masabata ochepa. Nyengo yadzinja thabwa limafufuma, khosi n'kubwerera m'mbuyo, nsambo n'kuyamba kukhudza mafuleti. M'chilimwe limauma n'kunyala, nsonga za mafuleti n'kumakanda chikhatho. Choncho kawiri pachaka ndimagwira kasipanala kaja. Ndikatha kuyimba ndimapukuta nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, pakuti nsambo zabwino n'zoitanitsa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kwa wachibale wa ku Joni, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 munthu umaganiza kawiri usadadule nsambo chifukwa cha chimwemwe.

Zimene mwini wake woyamba adalemba

Tsopano ndifike pa chimene chimachititsa kuti gitala yakale ikhale ngati buku. Nsambo imadya fuleti pamalo pamene chala chimakonda kukanikiza, n'kusiya kadzenje. Pa magitala ambiri a kaunjika timaenjeto timakhala pa mafuleti atatu oyambirira, kusonyeza munthu wa makodi atatu amene adaphunzira pang'ono n'kusiya. Pa yanga mafuleti oyambirirawo ali ngati atsopano. Timaenje tili kumtunda, kuyambira pa 7 kufika pa 14, pansi pa nsambo zitatu zing'onozing'ono. Kumsana penti idakalika pamalo pamene chitsulo cha lamba chimakhudza. Munthu ameneyu ankayimba ataimirira, maola ambiri, zala zili pamwamba pa khosi, nsambo ziwiriziwiri. Aliyense wodziwa rumba ya ku Congo kapena sungura ya ku Zimbabwe azindikira malo amenewo. Sindidzamuona, koma ndikudziwa kuti adali wantchito, wodyera gitala. Ndipo wantchito sasunga chipangizo chabodza zaka zonsezo. Umboni umenewu ndimaukhulupirira kuposa chomata cha pamutu.

Nanga liwu lake? Pikapu ya kufupi ndi buliji ndi yaukali, yobaya m'khutu, ndipo sindiigwiritsa ntchito kawirikawiri. Ya kukhosi ndi yofatsa, yonenepa, yabwino poperekeza munthu woyimba pakamwa. Koma ulemerero wa gitalayi uli pamene siwichi yaima pakati pa pikapu ya kukhosi ndi yapakati. Pamenepo liwu limatuluka louma, lobulungira, ngati wagogoda thabwa la mlombwa. Chitsulo chogwedezera nsambo chija ndidachitsekera ndi kathabwa kumsana, chifukwa chinkangosokoneza kachunidwe. Chilema chachikulu, malinga ndi muyezo wa magazini a kunja, n'chakuti liwu silikhalitsa. Mukaliza nsambo, limabwera msanga n'kufa msanga. Kwa woyimba rock, amene amafuna liwu limodzi lizilira mpaka mawa, gitala iyi ndi nkhuni. Ndipo anyamata athu amene amaphunzira pa YouTube adameza muyezo umenewu wosatafuna. Akaigwira amati, "Madala, iyi ndi yakufa."

Ine ndikukana, ndipo chifukwa chake chili m'nyimbo za kuno. Tamverani mangolongondo, malimba a mitengo a Ayao a cha kwa Makanjira. Anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina kugogoda m'mipata imene mnzake wasiya, ndipo liwu lililonse limafa msanga kuti la mnzake lipeze polowera. Tamverani bangwe, kapena ng'oma za beni ndi manganje. Palibe liwu lotalika pamenepo. Kukoma konse kuli m'timawu tatifupi tolukana ngati mphasa. Gitala yolira nthawi yaitali imadzaza mipata imeneyo n'kusandutsa zonse phala. Yanga, ndikagoneka mphepete mwa chikhatho pa nsambo kufupi ndi buliji, imayankhula chimodzimodzi mitengo ija. Tidayesapo ndi mnzanga wina, mphunzitsi wa ku Monkey Bay, iye pa gitala yake ine pa yanga, kulukana monga achitira a mangolongondo. Amayi ena achikulire amene ankayanika usipa pa thandala chapafupi adasiya ntchito n'kubwera kudzafunsa kuti nyimboyo taitenga kuti. Tidati sitidaitenge kulikonse. Iwo adati, "Ayi ana inu, imeneyo ndi ya kwathu." Chimene a kunja amachitcha chilema ndi chimene chidawaitana amayiwo.

Mlandu weniweni

Apa mpamene nkhani ya gitala imodzi ikusanduka nkhani ya tonse. Akuluakulu athu a gitala yopanda magetsi sadaope kuisintha kuti iyankhule chathu. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Vienna adayamba kumujambula pamodzi ndi mng'ono wake Donald mu 1967, ankachotsa nsambo imodzi n'kutsala ndi 5, nkumachuna m'njira zakezake, chala chachikulu chikuyenda ngati besi pamene cholozera chikuyimba nyimbo. Adamwalira mu 1987, koma mpaka lero ukamva timawu tiwiri umadziwa kuti ndi iye. Ndiche Mwarare adatenga mayimbidwe a hauyani, otsetsereza pa nsambo, n'kuwaveka Chichewa. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene adatisiya mu 1995, adachita zodabwitsa ndi banjo ndi ng'oma zopanga pamanja za Chimvu River Jazz Band. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, adagwedeza dziko lonse pa intaneti atapitirira zaka 90. Palibe mmodzi mwa awa amene adadikira chipangizo cha dzina.

Koma gitala itangolowa magetsi, tidayamba kuipatsa ulemu wa mlendo. Ikalira, imalira Chilingala cha Franco ndi Dr Nico, kapena reggae ya ku Jamaica, kapena sungura. Sindikunyoza nyimbo zimenezi. Alleluya Band ya ku Balaka, imene Paul Banda ndi anzake adayamba mu 1978, idalera oyimba ambiri, ndipo malemu Lucius Banda adayankhulira amphawi pa reggae yomweyo m'zaka zimene ena ankaopa kutsegula pakamwa. Sungura nayo ili ndi magazi athu, poti Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene adayimbira limodzi mu Khiama Boys, mizu yawo ndi ya kuno ndipo adayimbapo m'Chichewa. Erik Paliani adafika poyimba ndi Hugh Masekela. Luso la zala lilipo, losachita kufunsa. Chimene ndikufunsa n'chakuti, ndani adakhala pansi ndi gitala yamagetsi kuti aiphunzitse Chiyao cha mangolongondo kapena kuguba kwa beni?

Anzathu adachita. Ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, Jonah Sithole ndi anzake oyimba ndi Thomas Mapfumo adasamutsira mbira pa gitala yamagetsi pogwiritsa ntchito njira yomwe ndatchula ija, yotsamiritsa chikhatho pa nsambo kuti liwu lifupike. Chimurenga idabadwa motero. Ku Mali, Ali Farka Touré wa ku Niafunké, m'mphepete mwa mtsinje wa Niger, adatenga nyimbo za tizipangizo ta kwawo ta nsambo imodzi n'kuziika pa gitala, ndipo chimbale chake ndi Ry Cooder cha 1994, Talking Timbuktu, chidapata mphoto ya Grammy. Anthu awa sadafunse ngati gitala idapangidwira zimenezo.

Ndipotu ife a kunyanja kuno sitiyenera kuphunzitsidwa ndi wina za nkhani imeneyi, chifukwa beni ndi kaunjika amene adapambana. Dzina lakelo lidachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza bandi ya asilikali. Gule ameneyu adayambira m'matauni a Aswahili m'mphepete mwa nyanja ya mchere, n'kufalikira kuno nthawi ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi pambuyo pake, monga Terence Ranger adafotokozera m'buku lake la 1975, Dance and Society in Eastern Africa. Makolo athu adatola yunifolomu ya msilikali, wezulo, maudindo ndi perete wa mzungu, n'kuziika pa ng'oma zawo. Lero ndani angaime pa bwalo kwa Mponda n'kunena kuti beni ndi wachilendo? Ngati adatha kuweta perete wa King's African Rifles, gitala ya pulayiwudi ingatikanike bwanji?

Ndikudziwa zimene oyimba anzanga ayankhe, ndipo sindikuzipeputsa. Mwini ukwati amafuna phokoso lalikulu pa ndalama yochepa. Munthu mmodzi wa kiyibodi, kapena mnyamata wa laputopu, amagwira ntchito ya anthu asanu, ndipo kiyibodi siduka nsambo. Ku malo ogona alendo a ku Nkopola ndi ku Cape Maclear, bandi ikapeza mwayi, imauzidwa kuti iyimbe zimene alendo akuzidziwa, ndiye usiku wonse ndi Bob Marley. Mwana ali ndi njala sungamuuze za mangolongondo. Zoona. Koma taonani amene akukwera ndege masiku ano. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala ya nsambo 4, ayimba m'maiko ambiri a ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adadziwika ndi babatoni wa waya mmodzi. Chikondwerero cha Lake of Stars chidachitikira pa mchenga wa Nkopola mu 2010, 2011, 2014 ndi 2015, alendo ochokera kutali atadzaza, ndipo mlendo wotero sawolokera nyanja zamchere kudzamva nyimbo ya kwawo ikuyimbidwa moperewera. Ngakhale pa nkhani ya m'thumba, chathu ndi chimene chili ndi msika.

Chimene ndikuopa ndi ichi. Odziwa mangolongondo ndi bangwe akutha, ndipo ana awo ali ku Joni kapena pa kabaza. Magitala akubwerabe m'mabulangete, koma ambiri akungopachikidwa pakhoma ngati chikumbutso cha ulendo, mpaka khosi lipotoke. Zinthu ziwirizi zili m'midzi imodzimodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi, koma sizikukumana. Zikapitirira kusemphana zaka zina khumi, chimodzi chidzakhala m'manda, chinzake chidzakhala nkhuni.

Chigamulo changa pa gitalayi n'chotere. Khosi labwino kwambiri. Mafuleti otha kumtunda, koma adzapirira zaka zingapo. Makiyi awiri ofuna kusintha. Pikapu imodzi yaukali, ziwiri zabwino. Thupi la pulayiwudi, lolemera paphewa, losasunga liwu. Dzina labodza. Kwa wofuna kuyimba ngati a ku London, asataye ndalama yake. Kwa wofuna kulukana ndi ng'oma za kuno, ndi chipangizo chokwanira, ndipo sindiigulitsa.

Kwa inu achinyamata amene muli ndi gitala yotere pakhoma, itsitseni. Yesani khosi monga ndafotokozera, pitani nayo kwa wokonza mawailesi, gulani pulagi ya mano atatu. Mukatero musathamangire pa foni kukaphunzira nyimbo ya mzungu. Pitani kwa agogo amene amatha mangolongondo kapena kwa mkulu wa ng'oma ya beni, mutenge ka shuga m'manja monga mwa ulemu wathu, muwapemphe agogode pang'onopang'ono, inu muzisaka timawuto pa nsambo kamodzikamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo inu eni malo ogona alendo, pa maola anayi amene bandi imayimba Loweruka, apatseniko anyamatawo theka la ola loti ayimbe za kwawo, muone ngati alendo anu athawe.